Penti Wofiira pa Mtengo wa Kachedwa

Mutu 5

1. Tizitsulo makumi atatu

Ku Mandeya konse kunalibe mtsikana wodziwa kuthamanga ngati Chenai Makwinja, komanso kunalibe wodziwa kuchedwa ngati iyeyo. Izi zikumveka ngati bodza, koma aphunzitsi ake akhoza kuchitira umboni. Ankadzuka dzuwa litatuluka kale, kenaka n'kuchita zonse mwaphuma. Tiyi ankamwa ali chiimire, sokosi imodzi ili kuphazi, inzake ili m'thumba.

Chenai anali Fomu 2. Ankakhala ndi amayi ake, omwe ankathyola tiyi ku esiteti, komanso agogo ake aamuna, a Jaison. M'chigwa cha Honde aliyense ankawaitana agogowa kuti Sekuru, monga amaitanira Ashona, ngakhale kuti makolo awo anachokera ku Mulanje.

Lachisanu lina m'mwezi wa Malichi, aphunzitsi a zaulimi, a Simbarashe, analowa m'kalasi atanyamula katoni. Anati anthu a ku koleji ya zaulimi ku Mutare akufuna kujambula mapu a mitengo ya zipatso ya m'chigwa chonse, ndipo apempha ana asukulu kuti awathandize.

"Mitengo yakale ikutha," anatero aphunzitsiwo. "Aliyense masiku ano akugula mbande zomezanitsa ku nazale imodzimodzi. Mbande zimenezo n'zabwino, koma zonse zinachokera ku mtengo umodzi. Matenda akagwira umodzi, agwira yonse. Mitengo imene agogo anu anadzala ndi njere ndi yosiyanasiyana. Wina sumva chilala, wina suola ndi mvula, wina umabereka anzake atatha. Tikaidziwa pamene ili, akatswiri adzatengako tinthambi n'kukasunga mtundu wake kuti usafe."

M'katonimo munali mafoni obwereka, makope ndi tizitsulo ta manambala tomangira ndi waya. Ana anawagawa awiriawiri. Gulu lililonse linalandira foni imodzi ndi tizitsulo makumi atatu. Ntchito yake inali yosavuta: kuima pansi pa mtengo, kudina foni kuti isunge malowo, kulemba dzina ndi mbiri ya mtengowo, kenaka kumangirira kachitsulo panthambi.

"Tizitsulo tisathere pa mitengo yofanana," anachenjeza a Simbarashe. "Ndabwereza kawiri. Kodi mwamva?"

"Tamva, Sa!"

Ponena kuti tamva, mawu a Chenai ndiwo anaposa onse, koma maso ake anali pa foni. Chinamusokoneza kwambiri ndi chimene aphunzitsi ananena pomaliza. Lolemba m'mawa sukulu zonse zikakumana ku Samanga kukaonetsa mapu awo kwa alendo a ku koleji, ndipo woyankhulira sukulu yawo akakhala Chenai. Pakamwa pamene pankamulowetsa m'mavuto tsiku lililonse, tsopano panali patamupezera ulemu. Anasangalala mpaka anaiwala chikwama chake m'kalasi.

2. Sekuru sanamalize

Loweruka m'mawa Sekuru anali pakhonde akunola chikwanje. Chenai anatuluka m'nyumba foni ili m'manja, kope lili kukhwapa.

"Sekuru, lero Kachedwa akulowa m'mapu!"

Kachedwa linali dzina la mtengo wa mango. Unali ku komboni yakale yotchedwa Namba Seveni, kumene antchito a esiteti ankakhala kale. Nyumba zinagumulidwa, malowo anadzalapo bulugamu, koma mtengowo unatsala. Mango ena onse m'chigwamo ankatha mu Febuluwale, ambiri atachita mawanga akuda ndi mvula yosakata ya ku Honde. Kachedwa ankapsa mu Epulo, khungu lake losalala, lopanda banga.

Sekuru anaika chikwanje pansi. "Ukalembe zoona zokhazokha. Bambo anga, a Johane, anachoka ku Mulanje wapansi, kudutsa dziko la Apwitikizi, kudzafuna ntchito ya tiyi kuno. Amayi awo anawamangira mango pansalu kuti akhale kamba wa paulendo. Atafika anakwirira njere kuseri kwa nyumba ya komboni. Ine ndinabadwira pansi pa mtengo umenewo. Sindinaonepo wina wofanana nawo m'chigwa chino."

"Ndalemba kale zimenezo m'mutu," anatero Chenai, phazi limodzi lili kale pabwalo.

"Khala pansi, mdzukulu wanga. Kuthamanga si kufika. Kumene ukupitako ndi malo a esiteti, ndipo esiteti ndi dziko lina. Ine ndagwirako zaka makumi anayi, zisanu ndikuthyola tiyi, zotsalazo ndikusonkhezera moto wa boyila ku fakitale. Kumeneko anthu sayankhulana ndi pakamwa pokha ayi. Minda ndi yaikulu, kalaliki sangakuwe kuti aliyense amve. Ndiye amasiya zizindikiro.

"Ukaona kansalu koyera pakona pa munda, dziwa kuti apoperamo mankhwala. Usalowemo, usathyole ngakhale tsamba. Ukaona chikhomo chachikasu, pansi pake padutsa paipi ya madzi, usakumbe. Ukaona udzu womanga mfundo pakati pa njira, kutsogoloko kuli njuchi kapena kamlatho kathyoka. Mlendo amangoona nsanza ndi zikhomo, koma ife timawerenga kalata.

"Kunabwera mnyamata wina wochokera ku tauni, wodziwa Chingerezi kuposa bwana. Anazula kansalu koyera kaja n'kupukutira nsapato zake. Tsiku limenelo amayi khumi ndi awiri anathyola tiyi wa mankhwala. Manja anatupa, madengu onse anakakhuthulidwa kudzala. Safunsa anadya phula. Tsono iwe, usachotse chimene sunaike, ndipo usaike chimene sunafunse. Za mitengo tsopano, tchera khutu bwino. Mtengo ukauona uli ndi..."

"Chenai! Handei, zuva rakwira!"

Anali Mufaro, mnzake wa m'gulu, akukuwa ali kumsewu kuti anyamuke poti dzuwa lakwera. Chenai anadzambatuka.

"Sindinamalize!" anatero Sekuru.

"Ndikudziwa kale, Sekuru! Mudzamaliza madzulo!"

"Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo!" anakuwa mkuluyo, koma mdzukulu wake anali atakhota kale kuseri kwa nthochi. Sekuru anapukusa mutu n'kutolanso chikwanje chawo.

3. Chitini cha pansi pa chitsamba

Ntchito inayamba bwino. Pachitunda cha kuseri kwa tchalitchi anapeza masuku, amene Mufaro anaumirira kuti alembedwe m'Chishona kuti mazhanje. Anakangana pang'ono, kenaka analemba maina onse awiri. Analemba mateme awiri, manachesi akale a pachitsime, magwafa ofiira mkati ndi oyera mkati, ndi mtengo wa mapoza umene mwini wake anawathamangitsa poyamba poganiza kuti ndi akuba. Atamva nkhani yonse anawapatsa nthochi phava lathunthu.

Vuto linadza atafika m'munda wa amalume ake a Mufaro. Munali mapeyala oima m'mizere, okongola, onse msinkhu umodzi.

"Iyitu ndi yomezanitsa," anatero Mufaro. "Sa anati chii paja?"

"Aiwa, iwe! Mapu athu adzadze. Ku Samanga anthu akaone kuti ife sitinagone."

Kudina foni pansi pa mtengo uliwonse kunali kokoma, ndipo mitengoyo inali pafupipafupi. Pamene ankatuluka m'mundamo, tizitsulo khumi ndi tisanu ndi tiwiri tinali titalendewera pa mapeyala amtundu umodzi.

Anafika ku Namba Seveni dzuwa litapendeka. Kachedwa anali chiimire pakati pa bulugamu, thunthu lake loti anthu atatu agwirane manja kuti alizungulire. Mango aawisi anali mbwee m'nthambi zonse. Chenai anadina foni, n'kulemba mbiri ya a Johane mosamala, mizere isanu ndi itatu. Kenaka anapisa m'thumba. Munali waya yekha.

"Tatha," anatero Mufaro. "Tibwerere kwa amalume tikamasuleko kamodzi."

"Mtunda wonse uja? Miyendo yanga si ya boma."

Apa m'pamene Chenai anaona chitini pansi pa chitsamba, chovundikira bwino, bulashi ili pambali m'kapepala ka pulasitiki. Anachitsegula ndi mwala. Munali penti wofiira, watsopano.

Mwana wofatsa akanadzifunsa kuti penti akufuna chiyani m'nkhalango. Akanayang'ananso bulugamu wozungulira malowo n'kuona kuti mitengo ina ili ndi mabanga ofiira pathunthu. Chenai sanayang'ane. Ananyika bulashi n'kulemba 31 pathunthu la Kachedwa, manambala aakulu oti munthu awawerenge ali kutsidya.

"Kachitsulo kamagwa," anatero monyadira. "Iyi ndiye sichoka."

Anabwezera chitini pamalo pake n'kumapita akudya nthochi. Madzulo Sekuru anali ku msonkhano wa madoda a mpingo, ndipo Lamulungu Chenai anatanganidwa ndi kuloweza mawu okayankhula ku Samanga. Ankayeserera pamaso pa nkhuku, nkhukuzo osamuombera m'manja. Za penti sanauze munthu, chifukwa ankafuna kuti Sekuru akaone okha n'kudabwa.

4. Kombi kapena njira yachidule

Lolemba kunachitika chozizwitsa. Chenai anafika pamphambano woyambirira, sokosi zonse ziwiri zili kumapazi, yunifolomu yosita, nsapato zowala. A Simbarashe atamuona anayang'ana wotchi yawo kawiri.

Ana anayamba kukwera kombi yopita ku Samanga. Nthawi yomweyo kutsidya kwa chigwa kunamveka kulira kwa macheka a injini. Mayi wina wonyamula dengu la tiyi kumsana, amene ankadutsa pamenepo, anaima n'kutchera khutu.

"Ayamba a nkhuni," anatero mayiyo. "Lero akugwetsa ku Namba Seveni. Boyila yatha nkhuni."

Chenai anatembenuka. "Mayi, amadziwa bwanji mitengo yoti adule?"

"Ah, mwana wa pa esiteti osadziwa zimenezo? Kalaliki amadutsa ndi penti Lachisanu. Uliwonse wokhala ndi chofiira, ndi wa kumoto."

Mayiyo anapitiriza ulendo wake. Chenai anakumbukira manambala ofiira aja pathunthu la Kachedwa, ndipo mawu onse amene analoweza dzulo anathawa.

Mufaro anamukoka mkono n'kumunong'oneza. "Nyarara. Khala chete. Palibe anationa. Mwina sakadula, ndi mango, si bulugamu. Kwera, shamwari, anthu akudikira."

Macheka analiranso. Patapita kanthawi kunamveka mtengo ukugwa, mkokomo wake n'kuyenda chigwa chonse.

Chenai anamasula mkono wake n'kupita kwa aphunzitsi. "Sa, ndalakwitsa. Tizitsulo ndinatimalizira pa mapeyala ofanana. Mtengo wa Sekuru ndinaulemba nambala ndi penti wofiira. Akukaudula."

A Simbarashe anavula magalasi. Sanakalipe, poti nthawi yokalipa panalibe. "Foni ya kapitawo wa nkhuni ndilibe. Kombi singakwere msewu wa kumeneko mvula itagwa chonchi, ndipo anzakowa sindingawasiye pamsewu. Ukapita, ku Samanga sukafikako nthawi yake, ayankhula wina. Ukakwera, mapu ako akakhala ndi mtengo umene mwina kulibenso. Sankha msanga."

Chenai anayang'ana kombi, mpando wakutsogolo umene anamusungira. Anaufunadi mpando umenewo, tisaname. Kenaka anapereka kope ndi foni kwa Mufaro.

"Ukayankhule ndiwe."

"Ini? Maiwe! Ine mawu amandithawa!"

"Ukangowerenga. Ukanenenso za penti, usabise."

"Mhanya! Thamanga!" anatero aphunzitsi. Chenai anathamanga.

Njira yachidule yopita ku Namba Seveni imatsika kumtsinje, n'kukwera pakati pa minda ya tiyi. Tiyi wa m'mawa amakhala ndi mame okwana kuchapira zovala. Asanafike pakati, yunifolomu yosita ija inali itamatirira pathupi. Pakona pa munda wina anaona kansalu koyera kakupepezeka. Anaima, n'kuzungulira munda wonsewo ngakhale kuti mtima unkamuuza kuti adutse pakati. Nsapato imodzi inatsalira m'matope a kumtsinje ndipo sanaibwerere. Amayi othyola tiyi anaweramuka n'kumamukuwiza, ena akufunsa ngati wathamangitsidwa ndi njuchi.

5. Chofiira ndi chofiira

Atatulukira ku Namba Seveni, anapeza thirakitala itaima, bulugamu asanu ali pansi. Mwamuna wina anali pamwamba pa Kachedwa atadzimangirira ndi chingwe, macheka akulira m'manja mwake. Chenai asanatsegule pakamwa, nthambi yaikulu ya kum'mawa inalira kuti phwaa, n'kugwa pansi. Mango aawisi anamwazika ponseponse.

"Imani! Mirai! Imani!"

Kapitawo wa gululo anakweza mkono ndipo macheka anazima. Anali Madzibaba Kalebe, mpostoli wometa mpala, wa ndevu zofika pachifuwa. Makolo akenso anali a ku Malawi.

"Mwana wa yani iwe? Ukufuna kufa? Pano sipafika ana."

"Ndine mdzukulu wa a Jaison Makwinja. Madzibaba, musadule. Chofiiracho sanaike ndi akalaliki. Ndinaika ndine."

Amuna onse asanu ndi mmodzi anasiya zimene ankachita. Chenai anafotokoza zonse, akupuma mwabefu, kuyambira pa mapeyala mpaka pa chitini. Atafika pa mawu akuti "iyi ndiye sichoka", mmodzi wa amunawo anaphulika kuseka, anzake n'kutsatira. Manyazi anamugwira Chenai mpaka anafuna kulowa pansi, koma anamaliza nkhani yake.

Madzibaba Kalebe sanaseke. Anatulutsa kapepala m'thumba la ovolosi. "Ndiye chifukwa chake. Akalaliki analemba mitengo makumi awiri, ine ndapeza makumi awiri ndi umodzi. Ndinati mwina anaiwala kulemba. Mwanangu, ine mango awa ndinadya ndili wamng'ono kuposa iwe. Mtima unandiwawa m'mawa uno, n'chifukwa chake ndinayamba ndi bulugamu, kuzengereza. Koma ntchito yathu sitifunsa mtengo kuti unalakwanji. Chofiira ndi chofiira. Tinayamba ndi nthambi kuti thunthu lisagwere pa mawaya a magetsi. Ukanachedwa mphindi khumi, ukanapeza chitsa."

Anaimbira foni akalaliki, n'kuyankhula nawo m'Chishona kwa kanthawi. Atamaliza anauza wa pamwamba uja kuti atsike.

Nthawi yomweyo kunamveka kugogoda kwa ndodo panjira. Anali Sekuru. Iwo ali kunyumba anamva kulira kwa macheka, ndipo khutu la munthu wa boyila silisokera, anadziwa kumene akulira. Anafika n'kuima pafupi ndi nthambi yogwa ija. Amuna aja anavula zipewa.

Chenai anagwada. "Sekuru, ndine. Pepani."

Sekuru anawerama n'kupapasa khungwa la nthambiyo mpaka zala zawo zinapeza kanthu. Kanali kachidutswa ka waya wadzimbiri kamene khungwa linali litakameza pafupifupi konse.

"Waya uyu anamanga ndi amayi anga," anatero. "Ankayanikapo zovala zathu. Ndikabwera kuno ndimagwira apa. Zandipweteka, mdzukulu wanga, sindikubisira."

Chenai analira, ndipo palibe anamuletsa.

"Madzi akatayika saoleka," anapitiriza Sekuru. "Koma ndimvere tsopano, poti Loweruka unandisiya pakamwa pali yasa. Kulakwa aliyense amalakwa. Ine ndinazimitsapo boyila tsiku la tiyi wambiri, ndipo ndinanamizira nkhuni zonyowa. Mnzanga wotuta nkhuni anakalipiridwa m'malo mwanga, ndipo mpaka lero ndikamukumbukira ndimachita manyazi. Iwe wathamanga ndi nsapato imodzi kudzaima pamaso pa amuna asanu ndi mmodzi n'kunena kuti ndine. Nthambi yapita chifukwa cha phuma lako. Thunthu laima chifukwa cha pakamwa pako. Zonse ziwiri uzisunge. Dzuka, ukunyowetsa maondo."

Chenai anadzuka akupukuta misozi ndi mkono.

"Tsopano mawu anga aja. Mtengo ukauona uli ndi chofiira, ndi wa kumoto. Ukauona uli ndi lamba woyera kuzungulira thunthu, ndiye kuti usaukhudze. Ndamaliza."

"Mwatenga masiku atatu, Sekuru," anatero mmodzi wa amuna aja, ndipo ulendo uno ngakhale Sekuru anaseka.

Madzibaba Kalebe anapita ku thirakitala n'kubwera ndi chikwanje, chitini china ndi bulashi. "Akalaliki avomera lamba woyera. Koma lamulo lathu ndi lakuti woika ndiye amachotsa. Pala pang'onopang'ono, pamwamba pokha, usavulaze mtengo."

Chenai anapala manambala ake aja mpaka manja anachita matuza. Kenaka anayang'ana chitini chatsopanocho, n'kuyang'ananso kapitawo.

"Madzibaba, ndingatsegule?"

"Waona? Wayamba kufunsa," anatero Kalebe. "Tsegula."

Lamba woyera amene Chenai anajambula anali wokhotakhota, koma anazungulira thunthu lonse.

6. Njere yachiwiri

Sekuru sanalole kuti nthambi yogwayo ikwezedwe pa thirakitala msanga. Anapempha Kalebe kuti awadulire kachigawo kokhala ndi waya kaja, n'kukaika m'thumba la jekete. Kenaka anatuma Chenai kumtsinje kukanyika thumba la chiguduli. Anadula nsonga za nthambi zonenepa ngati pensulo, n'kuzisadzula masamba, n'kuzikulunga m'chiguduli chonyowacho pamthunzi.

"Aphunzitsi ako si anati alendo akufuna tinthambi? Tisataye zonse."

Dzuwa lili paliwombo, galimoto yoyera yokwera mapiri inatulukira ikuterereka m'matope. Munatsika a Simbarashe, Mufaro, ndi mayi wina wovala majombo. Mufaro anali atavala chipewa chatsopano chobiriwira chimene anapatsidwa woyankhulira sukulu iliyonse.

"Ndinanjenjemera ngati ndagwidwa malungo," anatero Mufaro, "koma ndinanena zonse. Anthu anaseka pa mapeyala. Pa penti sanaseke."

Chenai anachiyang'ana chipewacho. Nsanje inamugwira pang'ono, pakuti nayenso ndi munthu, koma anamuuza mnzakeyo kuti chamukhala.

Mayi wa majomboyo anali a Rebeka, a ku koleji. Anapereka moni kwa Sekuru akuomba m'manja mwaulemu, kenaka anatola bango limodzi laliwisi n'kulitembenuza uku ndi uku.

"Malichi, mvula yonseyi, opanda banga ngakhale limodzi," anatero. "Sekuru, sukulu zisanu ndi imodzi zationetsa mitengo yoposa mazana anayi lero. Wotere sitinauone. Alimi a mango m'chigwa chino amataya zipatso zambiri chifukwa cha mawanga akuda. Mwina yankho lawo laima pano."

Atatsegula chiguduli chija anasangalala ngati mwana. Anawerenga tinthambi makumi anayi. Anati akatimezanitsa ku nazale ya koleji mawa lomwe, ndipo mbande zikagwira, zina zidzabwerera ku Mandeya, yoyamba kwa Sekuru. Anatulutsa kachitsulo m'thumba mwake n'kupatsa Chenai kuti amangirire yekha panthambi. Analinso ndi pempho limodzi: tizitsulo ta pa mapeyala tija tikamasulidwe, patsale kamodzi.

"Loweruka," anatero a Simbarashe, akuyang'ana Chenai. "Wapansi."

A Rebeka anayala mapu aakulu pa boneti ya galimoto, n'kuika kadontho pa Namba Seveni. "Chimene chimandidetsa nkhawa ndi chakuti mtengowu ndi umodzi. Tinthambi tonseti ndi mtengo womwewu. Bambo anu akanadzala njere ziwiri, tikanakhala ndi m'bale wake woyerekeza naye."

Dzanja la Sekuru linali m'thumba la jekete, mmene munali kachigawo ka nthambi kaja.

"Njere zinali ziwiri," anatero.

Chenai anatembenuka. Nkhani ya a Johane anaimva kambirimbiri, koma izi zinali zachilendo.

"Bambo anga sanayende okha. Anali ndi mng'ono wawo, a Fanwell. Mango atatsala awiri, anagawana. Kuno ntchito inapezeka ya munthu mmodzi, ndiye a Fanwell anapitirira kummwera, ku tiyi wa ku Chipinge. Anatumiza kalata imodzi yokha, yonena kuti ali pafupi ndi Mount Selinda, akwatira, ndipo njere ija yamera. Nkhondo itabwera makalata anasiya. Bambo anga anamwalira akufunsabe za mng'ono wawo. Ine sindinkaikamba nkhaniyi, chifukwa ndinalonjeza kuti ndidzapita kukawafuna, ndipo sindinapite."

A Rebeka anatsetsereza chala chawo pamapu, kutsika kudutsa Mutare, mpaka pansi penipeni. Chigawo chimenecho chinali choyera, chopanda kadontho ngakhale kamodzi.

"Ku Chipinge tikuyamba pa holide ya Epulo," anatero. "Mtengo wobereka mango mu Epulo subisala. Tidzafuna ana awiri odziwa kale ntchitoyi. Koma m'makomboni akale nkhalamba sizimasuka ndi alendo. Pafunika wina woyankhula Chinyanja chawo."

Chenai anatsegula pakamwa kuti akuwe kuti ine. Kenaka anapatseka. Anayang'ana phazi lake lopanda nsapato, matuza a m'manja, ndi bala loyera pamene panali nthambi.

"Sekuru," anatero, "ndingapite?"

Mkuluyo anayang'anitsitsa malo oyera aja pamapu. Maso awo anali atalengeza misozi, koma ankamwetulira.

"Mtengo sudzithirira wokha uli waung'ono," anatero. "Ngati ulipo, pali anthu amene anausamala, ndipo dzina lawo ndi Makwinja. Amayi, kodi m'galimoto yanuyi muli malo a nkhalamba ndi ndodo yake?"